Mitengo ya zidole yapenga: ndisiye ziti, ndipitirize ziti?

Wamatayala64

Akuluakulu, moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumasonkhanitsa zidole muli anthu akuluakulu, osati zogulira ana ayi. Pashelefu panga pali mitundu itatu: timagalimoto ta Hot Wheels, zidole za mainchesi 6 za Marvel Legends ndi Star Wars Black Series, ndiponso LEGO. Zonsezi ndimagula kuno ku America. Ndalama imene ndingathe kupatula pamwezi tsopano ndi madola 100 basi, ndipo siikukwanira mitundu yonse itatu. Chidole chimene chinali pa $19.99 lero chili pa $27.99, ndipo maseti akuluakulu a LEGO ena afika poti munthu ungalipire nyumba.

Kodi mitengoyi itsikanso, mwakuti ndingodikira? Ngati siitsika, podula ndiyambire pati kuti zotsalazo zikhalebe ndi mutu? Komanso kodi n'kwanzeru kugulitsako zina kuti ndalama yake igulire zatsopano, kapena ndizisunge zidzakwere mtengo? Ndikufuna mayankho a masamu, osati ongonditonthoza.

Chikombole

Achimwene, tiyambe ndi zodikirazo. Musadikire. Mtengo umene kampani yalemba pa chidole ukakwera subwereranso pansi, ngakhale chimene chinaukweza chitachoka. Chimene chimatsika ndi mtengo wa katundu amene wagonera pashelefu ya sitolo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Mitengoyi yadumpha kawiri. Koyamba kunali mu 2021 ndi 2022, nthawi ya Covid, pamene kutumiza kontena kuchokera ku Asia kunadula kangapo kuposa kale, pulasitiki naye n'kukwera limodzi ndi mafuta. Apo ndi pamene Marvel Legends inachoka pa $19.99 kufika pa $22.99, kenako $24.99. Mu 2023 mtengo wa makontena unatsika ndithu, koma $24.99 ija sinasunthe n'pang'ono pomwe. Umboni woti kudikira sikuthandiza ndi umenewo.

Kachiwiri ndi msonkho wa mu 2025. Chaka chimenecho chisanafike, zidole zinkalowa mu America popanda msonkho wa pachipata, chonsecho pafupifupi 8 mwa zidole 10 zilizonse zogulitsidwa m'dzikomo zimapangidwa ku China. Mu February boma linaika 10 peresenti pa katundu wa ku China, mu March 20, mu April unafika pa 145, ndipo mu May unatsikira pa 30 America ndi China atakambirana ku Geneva. Makampani amene anasamutsira mafakitale kwina sanapulumuke kwenikweni, chifukwa mu August 2025 katundu wa ku Vietnam anaikiridwa 20 peresenti, wa ku Malaysia, Thailand ndi Indonesia 19. Hot Wheels zambiri zimapangidwa m'maiko atatu omalizawa.

Pali chinthu chimene ambiri amasokoneza. Msonkho sawerengera pa mtengo wa pashelefu, amawerengera pa mtengo umene katundu walowera m'dziko. Tingoyerekeza: chidole chalowa pa madola 8, msonkho wa 30 peresenti ndi $2.40. Koma sitolo imaika phindu lake pamwamba pa mtengo watsopanowo, ndiye pofika kwa inu $2.40 ija yakula.

Nanga n'chifukwa chiyani zidole za akuluakulu ndi zimene zavulala kwambiri? Chidole cha mainchesi 6 chili ndi tizidutswa tambiri, mawondo ndi zigongono zopinda pawiri, ndipo tonseto timaumbidwa m'zikombole zachitsulo zodula kwabasi. Chidole cha ana amachipanga chambirimbiri, mtengo wa chikombole n'kumwazikana. Cha akuluakulu amapanga chochepa, ndiye chilichonse chimasenza gawo lalikulu. Onjezanipo utoto wa kumaso, ndiponso ndalama imene Hasbro, kampani yopanga zidolezi, imalipira kwa Disney, mwini wa Marvel ndi Star Wars yemwe. N'chifukwa chake mumaona thupi limodzi likubwerezedwa pa zidole zisanu, angosintha mutu ndi utoto, manja osinthira n'kuchepa. Chinanso, kampani imadziwa kuti mayi wogulira mwana mphatso akaona mtengo wakwera amatenga china, pamene wosonkhanitsa amadandaula pa intaneti n'kugulabe.

Chomaliza: kale phukusi la mtengo wosapitirira madola 800 linkalowa mu America popanda msonkho. Mwayi umenewu unatsekedwa pa 2 May 2025 kwa katundu wa ku China ndi Hong Kong, ndipo pa 29 August 2025 kwa maiko onse. Choncho kuoda nokha ku Japan kapena ku China sikulinso njira yachidule monga kale.

Anaphiri_Mashelefu

Pa madola 100 mitundu itatu siingatheke, achimwene. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma musayambe ndi funso loti musiye mtundu uti. Yambani ndi kulemba.

Tengani masitetimenti a kubanki a miyezi 12 yapitayi, mulembe chilichonse chimene munagula, mtengo wake pamodzi ndi ndalama yotumizira ndi msonkho wa pasitolo. Pambali pa chilichonse lembani chimodzi mwa zitatu: chili poonekera, chili m'katoni, kapena sichinatsegulidwe n'komwe. Gulu limene lili ndi zambiri za m'katoni ndi limene mukuligula mwachizolowezi chabe, ndipo ndi loyamba kudulidwa.

Kenako dziikireni malire amene angakwane m'chiganizo chimodzi. "Ndimagula Star Wars" si malire, chifukwa Black Series yakhala ikutuluka kuyambira 2013 ndipo siidzatha. Malire ndi monga "anthu a m'mafilimu atatu oyambirira okha, aliyense kamodzi", kapena "gulu limodzi la Marvel, chovala chimodzi pa munthu". Ubwino wa malire otere ndi woti ali ndi mapeto, ndipo chidole chatsopano chikalengezedwa simufunika kulimbana ndi mtima, mumangoona ngati chikulowa m'chiganizo chija.

Pa Marvel Legends, dzenje lalikulu ndi Build-A-Figure. Amatulutsa zidole 6 kapena 7 nthawi imodzi, chilichonse chili ndi chiwalo cha chidole china chachikulu: ichi mwendo, icho mkono, china mutu. Mumafuna ziwiri zokha, koma mumagula zonse kuti chachikulucho chikwane. Zidole 6 pa $19.99 zinali $119.94. Pa $27.99 ndi $167.94, kupitirira bajeti yanu ya mwezi ndi theka. Njira yake n'kugula ziwiri mukuzifunazo, ziwalo zotsalazo n'kugula pazokha kwa anthu amene amazigulitsa pa misika ya pa intaneti ya eBay kapena Mercari. Chenjerani ndi chiwalo chimene chinabwera ndi chidole chosowa, chifukwa chimadula kuposa zinzake zonse. Yambani mwaona mtengo wa chimenecho musanagule mwendo ngakhale umodzi, kuopa kukhala ndi chidole chopanda mutu chaka chathunthu.

Dzenje lachiwiri ndi kuodera zinthu zisanatuluke. Masitolo ambiri amatenga ndalama pa tsiku lotumiza, osati tsiku looda. Mwaoda chimodzi mu January, ziwiri mu March, china mu May, sitima zachedwa, zonse n'kutulukira mwezi umodzi, khadi n'kulira. Lembani maoda onse amene ali panjira ndi mwezi umene akuyembekezeka, ndipo chilichonse chimene sichikulowa m'malire aja chifafanizeni lero, poti masitolo ambiri salipiritsa ngati katundu sananyamuke. HasLab, njira imene Hasbro imapangira zidole zikuluzikulu anthu okwanira akalonjeza kugula pa kampeni, ndiye iwalani kaye. Galactus wa mu 2021 anali $399.99, Unicron wa mu 2019 $574.99, ndipo ndalama amatenga kampeni ikangotseka, chidole n'kudzafika patatha chaka kapena kuposerapo.

Podikira pali phindu pa zidole wamba zokha, zimene zimapezeka m'masitolo onse. Zimenezi zikagonera zimatsitsidwa mtengo, zina n'kukathera ku masitolo otchipa monga Ross ndi Ollie's. Koma asilikali amene anthu amagula ambirimbiri, monga ma stormtrooper a mu Star Wars, ndiponso zidole zogulitsidwa pa sitolo imodzi yokha, sizigonera. Ngati zili m'malire anu, gulani pa mtengo wake zikangotuluka.

Njerwa_Zofiira

Ine ndiyankhapo za LEGO zokha. Pa mitundu yanu itatu, LEGO ndi imene imadya ndalama zambiri pa nthawi imodzi, komanso ndi imene mungathe kusiya kugula osasiya kusewera nayo. Chidole cha Marvel mukachiimika pashelefu mwamaliza. Seti ya LEGO mumaiphwasula n'kumanga china.

Mitengo: mu 2022 kampaniyi inakweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a maseti ake, ndipo akuluakulu ndi amene anakwera kwambiri. Millennium Falcon nambala 75192, ya tizidutswa 7,541, inatuluka mu 2017 pa $799.99 n'kukwera kufika $849.99. Titanic nambala 10294, ya tizidutswa 9,090, inachoka pa $629.99 kufika $679.99. Mu 2025 kunabwera Death Star ya $999.99. Imodzi yokha imeneyo ndi miyezi 10 ya bajeti yanu.

Muyeso umene anthu amagwiritsa ntchito ndi kugawa mtengo ndi chiwerengero cha tizidutswa, ndipo masenti 10 pa kachidutswa amati ndi mtengo wabwinobwino. Titanic ija ikubwera pa masenti 7 ndi theka, Falcon pa masenti 11. Muyesowu ndi wothandiza koma umanama nthawi zina. Seti yodzaza ndi timabatani ting'onoting'ono ta 1x1 imaoneka yotchipa pomwe pulasitiki wake ndi wochepa, ndipo seti ya matayala akuluakulu kapena mota imaoneka yodula pomwe siili choncho. Ngati mungapeze kulemera kwa bokosi, yerekezani ndi kumeneko. Maseti a Star Wars, Marvel ndi ena olipira chilolezo amadula kuposa a Creator ndi City a kukula kofanana, ndiye amene amakonda kumanga osati mayina a m'mafilimu apulumutsa ndalama pongosintha gulu.

Za nthawi yogulira. Maseti apakati amene amapezeka ku Amazon, Walmart ndi Target kawirikawiri amatsika ndi 20 peresenti patapita miyezi ingapo, choncho kuwagula tsiku loyamba n'kutaya ndalama. Akuluakulu ogulitsidwa ndi LEGO yokha satsika kawirikawiri. Pa amenewo dikirani masiku a mapointi owirikiza a Insiders, umembala wa ogula wa LEGO: masiku wamba mapointi amabweza pafupifupi 5 peresenti, owirikiza 10. Musawonjezere katundu mu basiketi n'cholinga chofikira mphatso yaulere imene LEGO imapereka mukagula za ndalama zakutizakuti. Kuwononga madola 40 kuti mulandire kabokosi kamene simunakafune si mphatso.

Seti imakhala pamsika chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, zina kuposerapo, ndipo zambiri zimasiya kupangidwa kumapeto kwa December. Ikangosiya, mtengo wa ogulitsa apambali umakwera. Ndiye pa ndandanda yanu ikani patsogolo imene yatsala pang'ono kusiya, yatsopano idikire.

Tsopano njira yosawononga ndalama. Pa tsamba la pa intaneti la Rebrickable mumalemba manambala a maseti amene muli nawo, n'kukuonetsani zina zimene mungamange ndi njerwa zomwezo, malangizo ena aulere, ena a madola ochepa. Malangizo a maseti akale a LEGO yeniyeni alipo aulere pa tsamba la kampaniyo. Tizidutswa tosowa mumagula pa BrickLink, msika umene LEGO inagula mu 2019. Pamenepa cholakwika chimakhala ndalama yotumizira: tizidutswa 200 kwa ogulitsa 7 ndiye kulipira positi kasanu ndi kawiri. Ndi bwino kulipira masenti owonjezera pa kachidutswa kwa ogulitsa awiri kusiyana ndi kuthamangira wotchipa aliyense. Ndipo kusonkhanitsa seti yaikulu kachidutswa ndi kachidutswa nthawi zambiri kumadula kuposa kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka ikakhala ndi tianthu tosowa kapena mtundu umene unatuluka m'seti imodzi yokha.

Mukagula njerwa zakale zoyeza pa sikelo, yang'anani dzina la LEGO pa kachitumbu kalikonse, chifukwa zachinyengo zimasakanizidwamo. Tsukani pamanja m'madzi osapitirira madigiri 40 a Celsius ndi sopo wa mbale, zoika zomata ndi zamagetsi muzipatule, ndipo muziumitse pamthunzi. Njerwa zakale za mtundu wa khofi wofiirira zimathetheka msanga, muziphwasula pang'onopang'ono.

Mzere_Wofiira

Mwina ena adabwa, koma pa ndandanda yanuyo Hot Wheels ndi imene ikhoza kukhala ikudya ndalama mobisa. Kagalimoto kamodzi ndi dola ndi masenti ochepa, ndiye munthu sawerengera. Koma pachaka pamatuluka timagalimoto wamba tokhala ndi manambala mpaka 250, kuphatikizapo tina tobwerezedwa mu utoto wina. Kuti mukwanitse tonse ndi madola oposa 300, osawerengera mafuta ozungulirira masitolo. Ta Premium, monga Car Culture, tokhala ndi thupi ndi pansi pachitsulo komanso matayala a labala, timadula kangapo, ndipo timabwera tisanutisanu. Ta Red Line Club, kalabu ya osonkhanitsa Hot Wheels, mumalipira umembala pachaka, kenako kagalimoto kalikonse madola oposa 25, kuwonjeza yotumizira.

Chimene chimatha mafuta ndi kusaka Treasure Hunt, timagalimoto tosowa timene amatisakaniza ndi wamba. Mvetsani mmene zimayendera. Timagalimoto wamba timafika m'makatoni a 72, ndipo makatoniwo ali ndi zilembo kuyambira A mpaka Q, kudumpha I ndi O, ndiye mitundu 15 pachaka. Mtundu uliwonse uli ndi Treasure Hunt yake wamba, ya chizindikiro cha lawi lamoto m'kabwalo, ndi Super Treasure Hunt yake, ya utoto wonyezimira wa Spectraflame, matayala a labala ndi zilembo TH. Koma Super siikhala m'katoni iliyonse, ndipo ikakhalamo pali anthu amene amadikira pakhomo sitolo isanatsegulidwe. Werengani mafuta a maulendo 20 opita n'kubwera chimanjamanja, muyerekeze ndi mtengo wa Super imodzi imene mukuifunadi pa eBay. Nthawi zambiri kugula n'kotchipa kuposa kusaka. Kugula katoni yathunthu yosatsegula si yankho, chifukwa mutsala ndi timagalimoto 60 tosafuna ndipo palibe akulonjezani kuti Super ilimo.

Malire a Hot Wheels ndi osavuta kuika chifukwa magalimoto enieni ali ndi mayina. Sankhani kampani imodzi, kaya Datsun ndi Nissan, kaya Porsche, kapena mtundu umodzi monga mapikiapu, ndipo chikombole chilichonse mutenge utoto umodzi. Mukatero pamwezi simupitirira madola 15. Ta nthano, topangidwa ngati nyama kapena chakudya, tisiyireni ana.

Ndikadakhala wogawa madola 100 aja, ndikadaika 15 pa timagalimoto, 56 pa zidole ziwiri za mainchesi 6, ndipo 29 yotsalayo n'kumaisunga. Pachaka imakwana madola 348, seti imodzi yaikulu ya LEGO imene mwaiganizira miyezi 12.

Wowerengera

Pa funso lachitatu ndikufuna kutsutsa maganizo amene ali m'mitu ya ambiri, oti shelefu ndi banki. Zidole zimene zinakwera mtengo kwambiri ndi zimene palibe ankazisunga: ana anazisewera, makatoni n'kutayidwa, zotsala zabwino n'kuchepa. Za masiku ano zimapangidwira osunga, ndipo aliyense ali nacho chake m'bokosi losatsegula. Kumbukirani Beanie Babies, zidole zansalu zooneka ngati nyama, zimene anthu ankati adzalipirira ana sukulu, msika wake n'kugwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2023 kampani ya zidole ya Funko inalengeza kuti itaya katundu wa madola oposa 30 miliyoni chifukwa kumusunga kunkadula kuposa mtengo wake. Komanso Hasbro ikaona chidole chakale chikudula kwa ogulitsa apambali imachitulutsanso, nthawi zina ndi nkhope yabwino kuposa yoyamba, chanu chija n'kugwa mtengo sabata yomweyo. LEGO yosatsegula imene inasiya kupangidwa ndi imene imagwirako mtengo, koma si seti iliyonse, ndipo nayo imabwerezedwa.

Ndiye gulitsani zimene zili kunja kwa malire anu, koma muwerengere bwino. Pa eBay musayang'ane mtengo umene anthu akuitanira, sefani muone zimene zinagulidwadi m'miyezi itatu yapitayi. Ku America eBay imadula kupitirira pang'ono 13 peresenti, ndipo imawerengera pa ndalama yonse imene wogula walipira, kuphatikizapo yotumizira ndi msonkho. Chidole mwagulitsa madola 30, positi mwalipira inu madola 7, eBay yatenga 4 ndi kanthu, bokosi ndi zokutira dola imodzi: m'thumba mwatsala pafupifupi 17. Chimene chikugulidwa pansi pa madola 15 musachigulitse pachokha, mangani m'magulu a zisanu kapena khumi a banja limodzi, kapena mugulitse pamanja kudzera pa Facebook Marketplace, pokumana pamalo a anthu ambiri. Amene muli ku Britain zinthu n'zosiyanako, chifukwa kuyambira October 2024 eBay ya kumeneko siidula anthu wamba ogulitsa zawo.

Chimene chimagwetsa mtengo pogulitsa ndi tizinthu tosowa. Chidole chopanda dzanja losinthira kapena mfuti yake chimataya gawo lalikulu la mtengo. Chilichonse chikhale ndi kathumba kake kolembedwa dzina.

Zimene mukusunga nazo zisamalidwe, chifukwa kugulanso chimene chawonongeka ndi ndalama yopweteka kuposa zonse. Dzuwa ndi mdani woyamba: limasandutsa pulasitiki woyera ndi wotuwa kukhala wachikasu, limafwifwitsa makhadi, ndipo ngakhale la pawindo ndi lokwanira. Kutentha kwa m'denga kapena m'galaja kumapinda miyendo ndipo kumatulutsa mafuta a mu pulasitiki wofewa, chidole n'kumamata m'manja. Chimatacho chimachoka ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, ngakhale chimabwereranso. Chinyezi chimapinda makhadi ndi kubweretsa nkhungu, ndiye m'makatoni ikani timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, makatoniwo asagunde simenti. Mabatire onse chotsani, amatuluka madzi n'kudya zitsulo. Malabala omangira nawo chotsani, amasungunukira pa utoto.

Wa_ku_Chilomoni

Ndiwonjezereko za ife amene timawerenga ulusiwu tili kumudzi kuno, chifukwa masamu athu ndi ena. Msonkho wa ku America sutikhudza mwachindunji ngati katundu sadutsa kumeneko, koma tili ndi wathu mtolo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo ndalama zakunja kubanki ndi zosowa, moti ambiri amazipeza pa mtengo wokwera kuposa pamenepo. Chidole cha $27.99 chisananyamuke n'komwe chadutsa kale K47,000 pa mtengo wa kubanki. Kenako yotumizira, kenako MRA, imene imawerengera msonkho pa mtengo wa katundu pamodzi ndi ndalama yotumizira.

Makampani otumiza katundu pandege sayeza kulemera kokha. Amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 5,000, ndipo amalipiritsa chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi kulemera kwenikweni. Katoni ya 40 x 30 x 20 imawerengedwa makilogalamu 4.8 ngakhale mkati muli zidole za kilo imodzi ndi theka. Mabokosi a zidole ndi mpweya wokhawokha. Choncho wa kuno asiye zosonkhanitsa za m'mabokosi, apemphe womutumizira achotse zidole m'mabokosi, LEGO ibwere m'mapepala ake a manambala ndi kabuku, bokosi lipindidwe kapena litsale. M'chikwama cha m'bale wochokera ku Joni kapena ku Ulaya ndi mmene zimakwanira.

Kwinako ndi kaunjika. Pa milu ya zidole m'misika mumapezeka Hot Wheels ndi Matchbox zenizeni, ndipo wodziwa kutembenuza galimoto ndi amene amapindula. Chaka cholembedwa pansi si chaka chimene kanapangidwa, ndi chaka cha chikombole, ndiye kolembedwa 1969 kakhoza kukhala ka zaka zisanu zapitazo. Pa tatsopano pamakhala chilembo ndi manambala awiri: chilembo ndi chaka, A ndi 2008, B ndi 2009, kumapita choncho ndi kudumpha zilembo zina, manambalawo ndi sabata ya chakacho. Takale tenitenito, ta 1968 mpaka 1977, tili ndi mzere wofiira pa matayala ndipo pansi palembedwa USA kapena Hong Kong. Mzere wofiira wokhala ndi Malaysia, Thailand kapena China pansi ndi wobwereza. Gudubuzani pa tebulo muone ngati waya wa matayala sunapindike, ndipo kamene chitsulo chake chatupa kapena chachita ming'alu kasiyeni, kadzanyenyeka kokha ndipo mankhwala ake kulibe. Ife amene tinakulira pa galimoto za mawaya sitiopa utoto wosupuka, koma pa mtengo muzinenerera nawo.

Wamatayala64

Zikomo kwambiri nonse. Zamveka, ndipo za Build-A-Figure zija zandikhudza. Kafunso kamodzi kotsiriza: ndikayamba kugula zidole zotsegula kale kwa anthu m'malo mwa zatsopano, ndiziyang'ana chiyani? Ndimaopa kulandira cholobodoka kapena chachinyengo.

Anaphiri_Mashelefu

Pemphani zithunzi zitatu musanalipire: chidole chitaimirira chokha popanda chochirikiza, nkhope pafupi, ndi tizinthu take tonse titayalidwa pambali kuti muwerenge. Funsaninso ngati chinali m'nyumba ya osuta fodya, chifukwa fungo limenelo limalowa mu pulasitiki ndipo silichoka msanga. Zachinyengo zimadziwika ndi utoto wa maso wopotoka, pulasitiki wonyezimira ngati wapakidwa mafuta, fungo lamphamvu la mankhwala, ndi zolemba za kampani pansi pa phazi kapena pantchafu zosaoneka bwino. Wogulitsa amene ali ndi zambirimbiri za chidole chosowa, pa theka la mtengo, akugwiritsa ntchito chithunzi cha kampani osati chake, mulambalaleni.

Cholobodoka si vuto lalikulu, ndipo ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Dontho limodzi la vanishi wa akiliriki wosungunulira m'madzi pa mfundo yolobodokayo, n'kumaipinda uku ndi uku mpaka aume, limaibwezeretsa. Super glue musayese, ikagwira mfundo yafa, ndipo imasiya zoyera pa utoto. Choopsa ndi mfundo yolimba, chifukwa ndi imene imathyoka. Musaikakamize. Viikani chiwalocho m'madzi otentha koma osawira kwa masekondi 30 mpaka 60, kapena chiwombeni ndi chowumitsira tsitsi chapatali, kenako pindani pang'onopang'ono mutagwira pafupi ndi mfundoyo, osati kumapeto kwa mkono. Lupanga kapena mwendo wopindika umawongoka chimodzimodzi: madzi otentha, wongolani ndi zala, kenako muviike m'madzi ozizira musanausiye. Ziwalo za pulasitiki woonekera mkati ndi wagolide muzisamala nazo kuposa zonse, chifukwa zimathetheka osati kupindika, ndipo pa chithunzi yang'anani timizere toyera pafupi ndi mfundo, ndi chizindikiro choti zatsala pang'ono kuduka.